Mgwirizano wa lendi umene ndinalembetsa pa kashopu ka makompyuta ku Luchenza

Pali kashopu kena ka makompyuta kuno ku Luchenza, chakufupi ndi pomwe amaima maminibasi opita ku Mulanje, kamene ambiri timangokadziwa kuti nkopangitsirako fotokope ya chiphaso cha unzika ndi kutayipitsa makalata ofunsira ntchito. Dzina lake sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule m'munsimu, ndipo sindifuna kuipitsa bizinesi ya mwana wa eni. Koma pali ntchito ina imene amagwira kumeneko yomwe eni nyumba anzanga muyenera kuidziwa, kaya muli ku Thyolo boma, ku Bvumbwe kapena ku Chonde: amalemba mgwirizano wa lendi, m'Chichewa, wa munthu amene akuchititsa lendi zipinda pakhomo pomwe iye mwini akukhalanso. Ine ndinalembetsa, matenanti anga onse anasayina, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe.

Ndifotokoze kaye za pakhomo panga kuti muone ngati zikufanana ndi kwanu. M'nyumba yaikulu ndimakhala ine ndi adzukulu awiri. Kuseri kuli mdadada wa zipinda zinayi umene anamanga malemu bambo a kunyumba ndi ndalama zawo za penshoni. Chipinda chachisanu chili m'nyumba yaikulu momwemo, koma khomo lake linaloza kukhonde. Tonsefe mita ya magetsi ndi imodzi, mpopi ndi umodzi, geti ndi imodzi, chingwe choyanikapo zovala ndi chimodzinso. Amene muli ndi khomo lotere mukudziwa kuti chimene chimayambanitsa anthu kawirikawiri si lendi yeniyeniyo ayi. Ndi mayunitsi akatha usiku, ndi chimbudzi chikada, ndi mlendo amene anabwera kudzagona tsiku limodzi koma mwezi watha adakalipo.

Nchifukwa chake mafomu a Chingerezi amene ena amakopera pa intaneti sathandiza kwathu kuno. Amakamba za galaja, za kapinga, za giza ya madzi otentha. Ndi a nyumba za ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, komwe mwini nyumba amapereka makiyi n'kupita kukakhala kwina. Tenanti wanga amene amagwira ntchito kufakitale ya tiyi angasayine pepala lotero chifukwa akufuna pogona, koma sangadziwe zomwe wasayinira, ndipo tsiku la mkangano adzanena zoona akadzati sanamve.

Mnyamata wa pashopupo ali nayo fomu yake m'kompyuta, koma sayamba ndi kuitsegula. Anandikokera mpando, n'kutenga kope ndi bolopeni, n'kuyamba kundifunsa.

“Mayi, pampopi pamatunga anthu angati? Ndikunena mitu ya anthu, osati zitseko.”

Ndinawerenga ndi zala, ndi makanda omwe. Anandifunsanso amene ali ndi hotipuleti, amene ali ndi firiji, amene amasita tsiku lililonse, nthawi imene geti imatsekedwa, amene amabwera usiku kuchokera kuntchito, ngati ndimaweta nkhuku, ngakhalenso za mtengo wa mapeyala umene uli pakati pa bwalo. Pamenepa ndinadabwa.

“Za mapeyalazo zilowanso m'pepala, achimwene?”

“Akapsa amathyola ndani, mayi?”

Ndinakhala chete, chifukwa mtengo umenewo unandidanitsapo ndi mkazi wa tenanti wina. Lero m'mgwirizano muli mzere wakuti zipatso za pakhomo ndi za mwini nyumba, zakugwa zokha aliyense atha kutola. Mzere waung'ono, koma nyengo ya mapeyala yadutsa popanda wonyanyala.

Pa nkhani ya tsiku lolipira lendi, sanaike tsiku limodzi la aliyense. Anasiya mpata woti tizilembamo ndi dzanja. Namwino amene amakhala m'chipinda cha m'nyumba yaikulu amalandira kumapeto kwa mwezi monga ogwira ntchito m'boma onse, ndiye tinalemba pa 5 mwezi wotsatira. Wa kabaza amapeza pang'onopang'ono, ndiye wake tinaugawa pawiri, theka pa 15, theka pa 30. Wa ku tiyi ndiye anatenga nthawi, popeza ntchito ya m'maesiteti a kuno imachuluka nyengo ya mvula pamene tiyi akuphukira, chilimwe chikafika ena amaimitsidwa kaye. Mgwirizano wake ndi wa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ikatha timakhala pansi kuona ngati apitirize. Zimenezi zimandipatsa mpata wosakiratu munthu wina, nayenso sadzikundikira ngongole ya miyezi imene alibe malipiro.

Kanthu kena kamene ambiri amakaiwala: lendi ikabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndalama yotapira amalipira ndani? Kale ndinkangoona kuti ndikapita kwa ejenti ndikubwerako ndi ndalama yoperewera. Mnyamatayu analemba kuti wotumiza awonjezerepo yotapira, ndipo uthenga wa pafoni ndiwo lisiti, tonse awiri tisaufufute. Wolipira pamanja ndimamulembera m'kabuku ka malisiti, iye n'kutenga kapepala kake.

Dipoziti ndi ya mwezi umodzi. Pepala likunena poyera kuti imeneyi si lendi ya mwezi wotsiriza, ndi yokonzera zomwe zaonongeka, ndipo ngati palibe choonongeka ndiyenera kubweza yonse pasanathe masiku asanu ndi awiri munthu atapereka makiyi. Notisi ndi ya mwezi umodzi mbali zonse ziwiri, yolemba, ngakhale pa WhatsApp. Za kukweza lendi tinakambirana kwa nthawi yaitali. Mukukumbuka mu November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, simenti, malata ndi utoto zinakwera nthawi imodzi, ndipo eni nyumba ambiri anangodzuka m'mawa n'kuuza anthu mtengo watsopano. Ine ndimamvetsa mbali zonse, chifukwa malata akadontha amagula ndine, komanso malipiro a tenanti sakwera tsiku lomwelo. Tinamanga kuti lendi ikwere kamodzi kokha pachaka, munthu atauzidwa kudakali miyezi iwiri.

Gawo la magetsi ndilo lalitali kuposa onse, ndipo ndi limene ndimalikonda. Mita yathu ndi yolipiriratu ija ya ESCOM. Kale tinkasonkha mofanana, chipinda chilichonse ndalama yomweyo, ndiye amene ali ndi babu limodzi ndi chaja ya foni ankalipirira nyemba za mnzake zimene zikuwira pa hotipuleti tsiku lonse. Tsopano pali masitepe atatu: wa mababu, wailesi ndi foni, wa TV, ayironi kapena firiji, ndi wophikira magetsi. Aliyense zipangizo zake zinalembedwa kuseri kwa pepala lake, ndipo wogula chipangizo chatsopano ayenera kunena asanachilumikize. Pafupi ndi mita papachikidwa kope. Wogula mayunitsi amalembamo tsiku, ndalama ndi mayunitsi amene alowa, n'kutumiza uthenga wa tokeni pagulu lathu la pa WhatsApp. Mnyamatayu anandiuza mosabisa kuti njira yabwino koposa ndi kuikitsa timamita tating'ono pachipinda chilichonse, poitana munthu wodziwadi zamagetsi, koma pamene ndalama yake sinapezeke kopeli likugwira ntchito. Bilu ya madzi ya Southern Region Water Board timagawana powerenga mitu, ana aang'ono awiri n'kuwerengedwa ngati wamkulu mmodzi.

Za ukhondo sindinafune zokambirana zambiri. Tinaona tonse mmene kolera inasautsira dziko lino mu 2022 ndi 2023. Chimbudzi ndi bafa zili ndi ndandanda ya masiku, dzina ndi dzina, ine ndemwe ndilipo. Matewera a ana ndi zinyalala zina saponya m'chimbudzi. Ndowa ya madzi ndi sopo zikhale pakhomo pa chimbudzi nthawi zonse, sopoyo ndimagula ndine.

Lamulo lina analiwonjezera yekha mnyamatayo, ndipo ndimamuthokoza: mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka. Kuno chiperoni chikagwa mu June ndi July, nkhungu ili tolo, kamvula kakuwaza, munthu amalowetsa mbaula kuti afunde, n'kutseka chitseko ndi mawindo. Utsi wa makala suoneka, sununkha kwenikweni, koma umapha munthu ali m'tulo. Mwini nyumba aliyense wa ku Thyolo ndi ku Mulanje alembe mzere umenewu, ngakhale atakhala kuti pepala lake lilibe china chilichonse.

Tsopano chimene chinandichititsa kuti ndilembe zonsezi. Tsiku limene ndinapita kukatenga mapepala anga ndinapeza bambo ena achikulire, ooneka kuti ali ndi nyumba zambiri, akulembetsa mgwirizano wawo. Anati alembe kuti munthu akalephera kulipira miyezi iwiri, iwo adzazula chitseko n'kusunga katundu wake mpaka atalipira. Mnyamata uja anachotsa manja pa kompyuta.

“Bambo, pepani, zimenezo sindingatayipe. Mukazula chitseko katundu wa munthu n'kusowa, mlandu watembenukira kwa inu. Wotulutsa munthu m'nyumba ndi khoti, ndipo olanda katundu pa ngongole ya lendi ndi masherifu, ali ndi chikalata m'manja.”

Bambowo anakalipa, anati nyumba ndi yawo, anamanga ndi thukuta lawo, ndipo ndalama yotayipitsa akulipira ndi iwo. Mnyamatayo sanakweze mawu. Anangoti angawalembere kalata yochenjeza, kenako notisi, ndipo mapepala amenewo ndiwo adzawathandize akadzapita kwa majisitireti. Bambowo anatola chipewa chawo n'kutuluka, ndalama ya tsiku limenelo n'kupita nayo. Ine ndinaona kuti munthu amene wakana ndalama pamaso panga chifukwa cha tenanti amene sakumudziwa n'komwe, pepala limene wandilembera ndingalikhulupirire. Tonse tinaonapo banja likugona m'chipinda chopanda chitseko, mayi atatchinga pakhomo ndi chitenje, ana ali mkati. Ngongole ndi ngongole, ndipo inenso lendi ndiyo imandigulira feteleza ndi kulipirira adzukulu sukulu, koma zimenezija ndi nkhanza.

Muyenera kudziwiratu kuti mgwirizano wa pashopuyi umamanga ndi mwini nyumba yemwe. Tsamba lachiwiri, pafupifupi theka lake, ndi udindo wanga. Denga likadontha ndikonze pasanathe sabata ziwiri chiuzidwireni. Loko akaonongeka yekha ndi wanga, kiyi akatayika ndi wa tenanti. Chimbudzi chikadzadza ndi nkhani yanga. Sindiyenera kulowa m'chipinda cha munthu iye kulibe, pokhapokha patabuka moto kapena madzi. Sindiyenera kumudulira magetsi kapena kumutsekera mpopi pofuna kumukakamiza kulipira. Palinso mzere wakuti chipinda chikaonongeka ndi mvula kapena mphepo moti munthu sangagonemo, lendi imaima kufikira nditakonza. Amene tinali kuno mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ku Mulanje, ku Phalombe ndi kuno ku Thyolo, tikudziwa kuti mzere umenewu si wongokometsera pepala. Anzanga ena a kumpingo nditawaonetsa anati ndadzimanga ndekha chingwe. Ine ndimaona kuti tenanti akaona kuti nanenso ndili ndi zondimanga, malamulo a geti ndi a chimbudzi amawalandira mosanyinyirika.

Za geti ndi alendo ndiye zinali zovuta kulemba, chifukwa pamenepa mpamene ufulu wa munthu wamkulu umakumana ndi khomo la munthu wina. Ine ndili ndi adzukulu aakazi pakhomo, sindingalole kuti pazilowa aliyense nthawi iliyonse. Komanso munthu amene akulipira lendi si mwana wanga. Tinagwirizana kuti geti imatsekedwa 9 koloko usiku, wogwira ntchito usiku amakhala ndi kiyi wake ndipo saupereka kwa wina. Mlendo wogona ndiuzidwe, ndipo akapitirira sabata amalowa m'chiwerengero cha madzi ndi magetsi. Kubwereketsa chipinda kwa munthu wina iwe utachoka nkoletsedwa. Wailesi itsike ikakwana 10 koloko. Kugulitsa mowa pakhomo ayi. Za amene munthu akucheza naye, kumene amapemphera kapena kwawo kumene anachokera, m'pepala mulibe, ndipo mnyamatayo anati asaikemo. Ndinavomerezana naye.

Kusayina tinachitira pakhonde, Loweruka masana. Mdzukulu wanga wamkulu anawerenga mokweza mzere ndi mzere, aliyense akumva, ndipo wofunsa anafunsa. Mayi wina amene sadziwa kulemba anadinda chala, inki tinabwereka pashopu pomwepo. Munthu aliyense makope awiri, lina lake lina langa, mboni ziwiri, imodzi yobwera nayo iye, ina yanga. Pamwamba pamalembedwa nambala ya chiphaso cha unzika ndi dzina la wachibale woti tingamuimbire munthu akadwala mwadzidzidzi. Wina mwa matenanti ndi mwana wa msuweni wanga, ndipo poyamba anaona ngati ndikumukayikira. Ndinamuuza kuti chibale ndi fupa sichiola, koma ngongole ya lendi ndaiona ikulekanitsa anthu a mimba imodzi, ndiye bola tilembe kuti tizionanabe kumaliro ndi kuukwati. Anasayina.

Pepalali layesedwapo kale. Mnyamata wina amene ankagulitsa muhadiweya anasamukira ku Limbe, ndipo potuluka galasi limodzi la windo linali losweka. Iye anati analipeza choncho. Kumapeto kwa mgwirizano kuli tsamba lolembapo mmene chipinda chinalili tsiku lolowa: magalasi angati, loko, soketi, switchi, pansi ngati pali ming'alu, khoma ngati ndi lopaka laimu. Tinatulutsa makope onse awiri. Panalembedwa kuti magalasi onse ndi athunthu, koma soketi imodzi inali yakupsa kale, ndipo pansi pake panali siginecha yake ndi yanga. Tinachotsa mtengo wa galasi limodzi ndi pate womatira galasilo pa dipoziti, soketi sindinamulipiritse, yotsalayo ndinamutumizira pa Mpamba tsiku lomwelo. Anatsazika bwinobwino, ndipo mng'ono wake ndi amene analowa m'chipindacho.

Zodandaula zilipo, ndipo zina si zazing'ono. Choyamba, pashopupo palibe chinsinsi. Kachipindako nkakang'ono, anthu odikira fotokope amaima pamsana pako, ndipo mnyamatayo amawerenga mokweza zimene akutayipa. Ndinatuluka m'menemo anthu osawadziwa atamva lendi ya chipinda chilichonse cha pakhomo panga. Mafotokope a ziphaso za anthu amene analakwika amangowaunjika m'katoni pansi pa tebulo. Zimenezi nzoopsa masiku ano pamene akuba amagwiritsa ntchito ziphaso za eni polembetsa manambala a foni. Anga olakwika ndinawaitanitsa n'kupita nawo kunyumba, nanunso muzitero.

Chachiwiri, popeza amayambira pa fomu ya kasitomala wina n'kumasintha, pa kope loyamba limene anandipatsa panatsalira dzina la dera la munthu wina ndi mtengo wa lendi umene sunali wanga. Anakonza osandilipiritsanso, koma taganizani ndikanapita nalo kunyumba n'kusayinitsa anthu. Werengani tsamba lililonse musanachoke pashopu. Inki nayonso imakhala yofooka masiku ena, zilembo zotuwa zoti pakatha chaka m'kabati simungaziwerenge. Muuzeni asindikizenso. Magetsi akazima ntchito imaima, alibe jenereta kapena sola, ndiye musapite tsiku lomwe tenanti akulowa. Mtengo amawerenga kawiri, wolembera ndi wosindikiza tsamba lililonse, ndipo sunalembedwe pakhoma. Funsani musanakhale pampando. Kwa ine zonse pamodzi sizinafike theka la lendi ya mwezi umodzi ya chipinda chimodzi.

Chachitatu ndi chachikulu: mnyamatayu si loya, ndipo iye mwini amanena. Pali zinthu zimene fomu yake sikhudza n'komwe. Sikamba za msonkho, chonsecho ndalama ya lendi ndi phindu limene a MRA amaliwerengera, ndiye amene muli ndi zipinda zambiri kafunseni ku ofesi yawo. Sikambanso za imfa. Ine ndine munthu wamkulu, ndipo kuno kwathu kwa Alhomwe mwini khomo akamwalira pamabwera ana, pamabwera a malume, pamabwera ndi ena amene sanaikepo njerwa ngakhale imodzi. Tenanti amene analipira dipoziti kwa ine adzaitenga kwa ndani? Adzatulutsidwa mawa lake la maliro? Ndinamuuza kuti awonjezere mzere wakuti ine ndikamwalira mgwirizano upitirire mpaka nthawi yake itatha, lendi azilandira mwana wanga wamkazi amene dzina lake talilemba, ndipo dipoziti ili m'manja mwake. Analemba, koma anandilangiza kuti nkhani ya nyumba yeniyeniyo ndikaikonze ndi wilo kwa odziwa malamulo, ndipo ngati ndalama ya loya palibe ndikafunse ku Legal Aid Bureau. Malangizowo ndi abwino, koma mzere umenewu unayenera kukhalamo kale m'fomu yake, chifukwa ambiri ochititsa lendi zipinda pakhomo ndife amasiye ndi opuma pantchito.

Mchemwali wanga wa ku Goliati, amene amasunga ana a sukulu a ku yunivesite ya MUST ku Ndata, anatenga kope langa kuti akaone ngati lingamuthandize. Silinakwanire. Ana a sukulu amakhala awiri kapena atatu m'chipinda, amalipira aliyense payekha, ndipo sukulu ikatsekera amapita kwawo n'kusiya katundu. Za miyezi ya holide, kaya alipire theka kaya achotse katundu, fomuyo ilibe. Amene muli ndi matenanti otere muuzeni mnyamatayo alembe zanuzanu kuyambira pachiyambi, musalole kuti angosintha mayina pa fomu ya wina.

Popita kumeneko tengani chiphaso chanu, nambala ya mita, bilu ya madzi yaposachedwa ndi kapepala kamene mwalembapo zipangizo zamagetsi za chipinda chilichonse. Pitani m'mawa pakati pa sabata, ana a sukulu asanadzaze ndi mafotokope awo. Akamaliza, muuzeni akutumizireni fayiloyo pa WhatsApp kapena akuikireni pa fulashi, kuti tenanti watsopano akabwera muzingosindikiza kulikonse osalipiranso ndalama yolembera.